Telala wa pa Tsamba Lachitatu

Lolemba
Ndayamba! Loweruka ndikawerenga nthano yanga ku gulu la alembi ku Katoto. Pulani: kubisamo munthu mmodzi wa m'mabuku amene ndimawakonda aja, a mzinda womwe akufa amadzuka m'mawa n'kumagwira ntchito pakati pa amoyo. Ndasankha telala. Sayeza ndi tepi, amangokuyang'ana. Aliyense amamusokera chovala chimodzi chokha, chopita nacho kumanda. Ndamukhazika pa tsamba lachitatu, pakhonde la golosale yotsekedwa ija kuno ku Mchengautuwa. Mizere iwiri basi. Owerenga mabuku amuzindikira. Osawerenga, zawo izo.

Lachiwiri
Nkhungu ya m'mawa, phazi lako lomwe osaliona. Pakhonde paja makina osokera akulira. Pali telala! Mkulu woonda, jekete lakuda. Wandiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo. Kenako wandipatsa moni: "Mwawuka uli, mama?" Tepi m'khosi alibe.

Lachitatu
Zochita lero:
1. Kufufuta mizere iwiri ija.
2. Kumadzera njira ya kuchigayo.
3. Kusiya matama.
Ndafufuta. Ndafunsa eni nyumba, amama NyaChirwa. "Telala yura? Ngwakale chomene." Akuti ndi wakalekale. Kale liti? Chibwerereni kuchokera ku Dowa ndimadutsa pompo, pamagona mbuzi!

Lachinayi
Njira ya kuchigayo matope okhaokha. Ku ofesi ndafika mochedwa, nsapato zosaoneka. Makina aja akumveka mpaka kumeneko. M'nthano ndaikamo wosoka nsapato m'malo mwa telala. Sizikukoma. Ndinene zoona, ndikuopa.

Lachisanu
Mayo ine! Kwaya ya amayi tikuvala yunifolomu yatsopano Lamulungu. Nsalu yanga ndinaisiya pampando. NyaChirwa aona kuti ndatanganidwa, aitenga pamodzi ndi yawo, ulendo kwa telala uja. Kundithandiza kumeneko! "Ndimati ndikuitaneni akuyezeni, akuti anakuyezani kale. Yanga andibwezera, akuti ine ndidikire kaye." Ndathokoza mpaka kugwada. "Yewo, amama." Nanga ndikanati chiyani?

Loweruka
Ndawerenga ya wosoka nsapato. Anthu asanu, awiri akuwodzera. Wapampando: "Asisi, nkhani yanu ilibe mantha." Ilibe mantha! Ndafunsa za mabuku aja. Palibe ndi mmodzi yemwe anawaonapo. Sabata yonse kuvutikira anthu osawerenga!
Kunyumba ndapeza diresi lili pabedi, lositidwa kale. Chitseko ndinakhoma ndekha, kiyi ali m'chikwama mwanga.

Lamulungu
Ndayesa zifukwa zonse: mutu, chimfine, mawu atha. NyaChirwa aima pakhomo, buku la nyimbo kukhwapa, iwo atabwereka diresi la mlamu wawo. "Woimba alto ndinu nokha, mama. Mukufuna tichite manyazi pamaso pa abusa?" Munthu wakusunga pakhomo pake, wakusokesera chovala, ungamuuze kuti ukuopa mizere iwiri imene unalemba wekha?

Ndavala. Atelala onse amene anandisokerapo amalakwitsa penapake, kaya kuthina m'khwapa, kaya kutalikitsa mkono umodzi. Uyu ayi. Likundikwana paliponse, ngati ndinabadwa nalo. Ndipo ndi lokongola, zondipsetsa mtima kwambiri.

Makina aja asiya kulira.

Ndayala bedi, ndatsuka makapu, ndaimbira amayi ku Dowa kungowapatsa moni. NyaChirwa akuitananso panja. Chabwino, ndikubwera. Ngati ndi lero, alto ikamveke bwino.