Msewu Woimiridwa ndi Malemu

Malemu a Pamzere sankatha kudutsa mzere osaimapo. Akaona anthu atatu atandondozana, iwo ankakhala achinayi, kenako n'kufunsa, “Kodi kutsogoloku akupereka chiyani?”

Ntchito yawo inali yomweyo, kuimira eni masitolo ku ofesi ya ziphaso. Pa mzere wa msonkho ankasiya chipewa, pa wa zaumoyo ambulera, pa wachitatu nsapato yakumanzere. Mlonda atafuna kuichotsa, anamukalipira: “Ulemu, achimwene! Nsapatoyo ndi kampani yolembetsa.”

Lamulo latsopano lililonse ankalilengeza ngati uthenga wa maliro.

“Mayi telala, chozimitsira moto chanuchi chatha nthawi!”

“Chatha bwanji chisanazimitsepo moto?”

“Boma silifunsa moto, mayi, limafunsa deti.”

A Pamzere anamwalira mwezi womwe kunatuluka lamulo lalikulu: woimira bizinesi iliyonse akaonekere yekha pawindo pofika Lachisanu, apo ayi pachitseko paikidwa loko. Mayi telala atatsegula fayilo yawo, anayang'ana tsamba loyamba. Pamalo a woimira panali dzina la a Pamzere. Kwa wometa chimodzimodzi, kwa wokonza mafoni chimodzimodzi. Msewu wonse unkaimiridwa ndi munthu wogona kumanda. Amayi anayi owasokera anaimitsa makina, maso ali pa iwo.

Lachinayi mayi telala anapita kwa mkazi wa malemuyo kukafunsa ngati bamboyo anasiya mapepala. Mayiwo anakoka katoni pansi pa bedi, mafayilo atamangidwa sitolo ndi sitolo.

“Analitu munthu wadongosolo,” anatero mayi telala.

“Ndani? Cholembera chawo chija chinali chokongoletsera thumba. Zilembo zing'onozing'ono sankaziona n'komwe.”

“Nanga mafomu onse aja?”

“Ndinkadzaza ndine patebulo pomwepa, ndikatha kutsuka mbale. Zaka makumi awiri.”

Mayi telala anakumbukira malaya onse amene anasokera bamboyo pothokoza. Kunyumba kuno sanatumizeko ngakhale mpango.

Lachisanu anaima pamzere awiriwo, opanda chipewa chowagwirira malo. Windo linkatsekedwa folo koloko. Anafikapo kalaliki atagwira kale katani.

“Woimira wanu ali kuti?”

“Anatisiya.”

“Pepani. Kusintha woimira kumafuna mafomu atatu ndi kalata ya imfa. Lero sizitheka. Loko ndi Lolemba.”

Mayi wamasiye anakankha mapepala pansi pa galasi, a msewu wonse, odzazidwa kale, kalata ya imfa ili pamwamba. Kalaliki anatembenuza tsamba, kenako lina, n'kusiya katani.

“Dzanja ili ndaliwerenga chiyambireni ntchito. Sindinabwezepo fomu yake.”

“Ndi langa.”

“Pangotsala dzina la woimira watsopano. Fulumirani.”

Mayi telala anatola cholembera kuti alembe dzina la mnzawoyo, koma iye anaphimba pepala ndi chikhatho.

“Iyayi, achemwali. Mundifunse kaye. Chikhalireni palibe anandifunsapo.”

Mayi telala anafunsa, mzere wonse ukumva. Mayiwo anavomera, chidindo n'kugwa.

Masitolo sanatsekedwe. Koma malamulo masiku ano amangolowa mufoni mwakachetechete, popanda wofuula pakhomo kapena wokangana naye za deti. Mayi woimira msewu akabwera kuchokera ku ofesi amakhala pabenchi ya telala, n'kuvula nsapato, n'kumasisita mapazi otupa.

“Zaka zonsezi ndinkati bambo aja amangocheza,” amatero. “Kuima n'kowawa, achemwali.”