Kwa ba Tcheyamani a Mphenzi Rangers, kuchokera kwa golokipa wa 14-0

Chinyunyu, Rufunsa
Okutobala 1998

Olemekezeka ba Tcheyamani,

Ndagwada, ndaomba m'manja. Ine ndine Maxon Njobvu, wogulitsa nthochi ndi mbatata m'mbali mwa msewu waukulu pano pa Chinyunyu. Dzina langa simulidziwa, koma ntchito ya manja anga munaitamanda pa wailesi Loweruka lapitali, pamene munkafotokoza mbiri ya timu yanu pokondwerera zaka makumi atatu. Munati chipambano chachikulu koposa cha Mphenzi Rangers ndi 14-0, chimene munachipeza mu 1992 polimbana ndi "akatswiri osankhidwa a kum'mawa kwa Lusaka". Bwana, golokipa wa akatswiri amenewo ndinali ine.

Choyamba, zikomo kwambiri chifukwa cha mawu akuti "osankhidwa". Mwina munaiwala, poti mumasenza zambiri, kuti basi yanu inafera pafupi ndi akasupe a madzi otentha muli pa ulendo wa ku Chipata. Podikira makanika, kochi wanu anapempha anthu oti osewera ake awongolerepo miyendo. Anasankhidwa ndi amene anali pafupi ndi basi. Ba Fredrick anachokera ku dimba, khasu lili paphewa. Ba Bornface, mlaliki wathu, analowa m'bwalo atavala tayi. Ine anandiika pagolo chifukwa ndinali ndi chifuwa, sindikanatha kuthamanga.

Chachiwiri, munati zigoli zonse zinabwera mwa luso la osewera anu. Sindikutsutsa akuluakulu, koma nanenso ndinagwirapo ntchito. Chimodzi chinadutsa pakati pa miyendo yanga. China chinalowa ndikupirikitsa mbuzi imene inkadya chingwe cha pagolo. Chomaliza ndinagoletsa ndekha: ndinati ndiponye mpira kutsogolo, iwo unasankha kumbuyo. Mkazi wanga Rhoda, amene panthawiyo anali chibwenzi chabe, anaonerera zonsezi. Mpaka lero amauza anthu kuti anandilola ukwati chifukwa mwamuna wa manja otayirira chotero sangakhale woumira.

Sindinakusungireni mangawa. Kuyambira tsiku lija ndine wa Mphenzi. Kachisakasa kanga ndinakapaka utoto wachikasu ndi wakuda, ndipo mukaluza, a madilaiva a minibasi amaima osati kudzagula nthochi koma kudzandiseka.

Chachitatu ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Mwa osankhidwa aja munali munthu mmodzi amene anakuvutitsani, Mthunzi Sakala. Anasewera wopanda nsapato, ndipo kawiri konse mpira wake unagunda mtengo wa golo lanu. Titakankha basi yanu n'kulira, kochi anamukweza momwemo. Mkazi wake, ba Jessy, anatsala pamsewu ndi mwana kumbuyo, chimanga chisanapaliridwe. Tonse tinawauza kuti asalire, mwayi wagwa pakhomo pawo.

Mthunzi anakusewererani zaka zitatu. Fainolo ya chikho ya 1995 tinaimvera pa wailesi ya ba Benard, pakhonde la shopu yawo, mudzi wonse. Masewera atatsala pang'ono kutha, wolengeza anakuwa dzina la Mthunzi mpaka mawu kusasa, kuti wagoletsa. Tinavina, ine ndinagubuduza dengu langa la nthochi. Sitinamve n'komwe zimene ananena pambuyo pake, kuti pogoletsa chigolicho Mthunzi anawombana ndi golokipa ndipo amutulutsa pa machira. Anzake akunyamula chikho, iye anali m'ambulansi.

Apa ndiyenera kuyamika chisamaliro chanu. Simunamusunge m'tauni kumene moyo ndi wodula. Munamubweza kwawo msanga, pa lole imene inkabwera kudzatenga malasha, ndipo munamupatsa tirakisuti ya timu. Nsaluyo ndi yolimba zedi, akuvalabe. Bondo lokha ndilo silipindika. Masiku ano amakhala pa mpando pafupi ndi ine, kumamata machubu a njinga, pamene ba Jessy amalima okha munda wa anthu awiri. Adokotala a ku mishoni ku Mpanshya anamuyeza, nati bondolo likhoza kukonzeka, koma opaleshoni yake ndi ya ku Lusaka, ndipo likachedwanso liuma mpaka kale.

Ndinabwera ku ofesi kwanu kudzakuuzani zimenezi. Mlonda anati muli pa msonkhano. Pofuna kuti andione ngati munthu wa mpira, ndinamuuza kuti ndine golokipa wa 14-0. Anaitana anzake kuti adzandione, anandigwiragwira zala, wina anandigulira chakumwa choziziritsa kukhosi. Ndinabwerera nditalemekezedwa kwambiri, koma inu sindinakuoneni.

Loweruka lija munalankhula pa wailesi, Mthunzi anali nafe pakhonde la ba Benard. Anachapitsa tirakisuti yake dala. Munatchula matcheyamani onse kuyambira woyamba, asungichuma, ngakhale kampani imene imakupatsani zakumwa. Mutafika pa chikho cha 1995, munati chigoli chija chinabwera chifukwa cha mgwirizano wa timu ndi utsogoleri wanzeru. Pulogalamu inatha. Kenaka Mthunzi anati, "Kapena ananditchula paja wailesi inachita phokoso." Ba Jessy anamupatsa ndodo yake, nanyamuka pang'onopang'ono.

Tsono, ba Tcheyamani, za dokotala sindingayerekeze kupempha. Ndikudziwa kuti timu yaikulu ili ndi zofunika zazikulu, monga chakudya cha chikondwerero. Pempho langa ndi laling'ono. Mthunzi chikho chija sanachigwirepo, sanachionepo ndi maso. Tumani munthu achibweretse kuno tsiku limodzi lokha, achikhudze, ana ake aone chimene bambo awo anagula. Tichibweza chopukutidwa bwino. Ndipo poti mumasunga mosamala zonse zimene timu inapata, mukatsegula kabati ya zikhoyo muyang'anenso kumbuyo kwake. Ngati bondo lake lilimo, mutitumizirenso, mwini wake akulifuna dzinja lisanafike.

Ine wanu wogwada nthawi zonse,

Maxon Njobvu
Golokipa wopuma, Chinyunyu