Kamkono ka Sigele Sikanafike Pofiira

Usiku wathawu ndinalota zondiwawa, amzanga, ndipo musandiseke. Ndinalota nditabereka Sigele wanga, ulendo wokapempha chiponde kwa a bungwe, poti mwanayu watha, mukumuona nokha. Ndiye panjira chikwangwani chawo chadzimbiri chija chinandipatsa moni.

Ndinati, "Paja inu mumati ndinu ndani?"

Chinati, "Bungwe lomwe si la boma, mayi."

"Zoti si inu boma ndamva. Nanga ndinu ndani?"

"Sitigulitsa kanthu, sitifuna phindu, sitipempha voti," chinatero. "Ndiye tikachoka mulibenso kokatidandaulira."

Mwadzidzidzi ndili pamzere wa amayi pansi pa mtengo wa mango, ndiye a Chimbalanga, alangizi a bungwelo, asanduka bilimankhwe wovala tisheti. Akati atembenuke tisheti yasintha, pano ya zaukhondo, pano ya kubzala mitengo, pano ya mbuzi. Diso limodzi lili pa ine, linalo lili pa galimoto ya bungwe.

Ndiye anatulutsa kalamba koyezera mkono wa mwana kaja. Kalambako kanadzikulunga kokha pamkono wa Sigele n'kutsokomola. "Wafika pachikasu," kanatero. "Kuonda waonda, koma sanaonde mokwanira. Chiponde n'cha ofika pofiira."

"Nanga ine nditani, achimwene?" ndinafunsa bilimankhwe uja.

"Mubwere naye akafika pofiira, mayi. Koma mufulumire, pulojekiti ikutha Lachisanu."

Mwadzidzidzi makatoni a chiponde amera miyendo, akukwera okha m'galimoto, lililonse likadutsa likuti pepani, pepani.

Ndiye ndapezeka ndili kunyumba, m'manja muli mbale ya phala la gaga, mwana akuitambasulira manja. Amzanga, apa ndiye pondiliza. Ndinakweza mbale ija patsindwi pomwe iye safikira. Ine mayi wake, ndi manja angawa. Mbale inandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mpaka liti?" Ndinati, "Mpaka Lachisanu." Sigele sanalire n'komwe, anangokhala pansi n'kumandiyang'ana, ine ndikumuyeza kamkono ndi zala ngati wogula nkhuku. Ndinadzida, ndipo mpaka pano ndikudzida.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa supuni, kwe, kwe, kwe. Kunja kunali kutacha, Sigele atakhala pakhomo, akupala mbale yadzulo yopanda kanthu.