Chikwangwani Changa cha ku Kawale

Chaka chimenecho ndinataya izi: lata limodzi, theka la chitini cha penti wabuluu, ulemu wanga pa msewu wathu ku Kawale, ndi mkazi wanga Tiyamike.

Matenda atamugwira msana, miyendo yake inasiya kugwira ntchito. Lachiwiri lililonse mlamu wanga ankabwera ndi galimoto kudzatitenga kupita kuchipatala, koma pageti pathu pankaima maminibasi odikira kutsukidwa. Galimoto inkaima patali, kugolosale, ndipo njinga ya olumala sinkatha kuwoloka ngalande. Ndinkamubereka mpaka kumeneko, maso a anthu ali pa ife. Iye sankadandaula. Wamanyazi ndinali ine.

Ndiye ndinaganiza zanzeru (paja ndinafika ku koleji). Ndinakanganula lata padenga la bafa, ndinalipaka penti, n'kujambulapo munthu ali pa njinga ya olumala, ngati yemwe ndinkamuona kutauni poimika magalimoto. Ndinalikhomera pamtengo n'kuuzika m'mbali mwa msewu.

Maminibasi sanasunthe. M'malo mwake kunabwera bambo wina akukankha njinga yakuphwa, kufunsa ngati amisiri alipo. Mawa lake anabwera atatu. (Magudumu ndinajambula bwino. Munthuyo ndiye ankaoneka ngati pampu.) Tiyamike anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndingogula guluu ndiyambepo ntchito.

Sabata yachiwiri kunafika anthu a kukhonsolo. Wamkulu wawo anandifotokozera mwaulemu kuti msewu si wanga, ndipo chikwangwani chotere munthu sadziikira yekha. Ndimayenera kulemba kalata, iwo adzaone malowo, avomere kapena akane. Ndinayamba kuwayankha m'Chingerezi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anazula chikwangwani chija n'kuchiponya mulole. Dzinja lonse tinasamba mvula ikutigwera.

Kalatayo ndinailemba, ndinaikonza, n'kuikonzanso, kufuna kuti mawu ake amveke a munthu wophunzira. Mpaka lero ili m'kabati.

Lachiwiri lomaliza Tiyamike anali atapepuka kwambiri. Ndinamubereka monga mwa masiku onse, n'kudutsa pakati pa maminibasi nditaweramitsa mutu, ndikuyenda mofulumira kuti tichoke pamaso pa anthu. Kuchipatala anamugoneka, ndipo sanalankhulenso. Mawu ake otsiriza anandiuza pamsewu pomwepo, pakamwa pake pali pakhutu langa.

"Musathamange, a Mbewe. Anthu aone kuti ndili ndi mwamuna."