Sabata Imene Tonde Anandilanda Udindo

Lolemba

Ng'oma yanga yabooka. Ndilembe kaye zimenezi, mwina mtima ukhala pansi.

Dzulo pa hafu taimu ndikuiwamba pamoto wa mapesi kuseri kwa golo, monga mwa nthawi zonse. Kenako ndikuona refa akudutsa. Refa wotero ungamusiye osamuuza mawu awiri? Pobwerera ndikupeza chikopa chapsa, bowo loti chibakera n'kulowa. Mayo ine!

Loweruka timu yathu ya Mtedza United ikusewera ndi anyamata a ku Dambe. Tikapanda kupambana tatuluka mu ligi, tizikasewera mpira wolimbirana nkhuku m'midzimu. Ndipo chiyambire, timuyi sinalowepo m'bwalo popanda ng'oma yanga. Pa Chiosya pano dzina langa lenileni anthu analiiwala, amangoti a Ng'oma. Popanda ng'omayo ndine ndani? Mlimi wa fodya wadazi basi.

Pulani:
- kupempha mbuzi kwa mkazi wanga, mayi a Tadala
- kupita nayo kwa a Tembo okunga ng'oma, aisende mawa lomwe
- chikopa chiume pofika Lachisanu
- Loweruka kuimba mpaka a ku Dambe aiwale kumene kuli golo
- mpira ukatha kuli bandi yochokera ku Chipata. Akandimva, mwina n'kundiitanira pa siteji!

Mayi a Tadala avomera msanga mpaka ndikukayika. "Tengani tonde uja wadya chitenje changa pachingwe. Ndisamuonenso pakhomo pano."

Lachiwiri

Njira ya kwa a Tembo imadutsa pabwalo. Limeneli si vuto langa, sindinalambule ndine njirayo.

Anyamata ali pa tirening'i. Ndikumangirira tonde pamtengo wa golo kuti ndionereko pang'ono chabe.

Tili ndi wosewera kutsogolo dzina lake Yobu. Mwana wabwino, amapereka moni ndi manja awiri, koma chilekereni mvula sanamwetseko chigoli. Akamenya mpira, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi amene amabisa mitu.

Lero Yobu wamenya, walowa. Wamenyanso, walowa. Kachitatu, goloboyi wangokhala pansi n'kugwira kukamwa.

A kochi, a Zulu, akumufunsa chimene wadya. Iye akuti: "Kochi, ine ndikulunjika mbuzi ija, ikundiyang'ana mwachipongwe. Ndiye poti chilichonse chimene ndalunjika ndimaphonya, mpira ukumalowa m'golo."

Amusuntha tonde kupita naye ku golo linalo. Yobu wamenya golo lopanda mbuzi, mpira wakagwera m'munda wa mtedza. Wamenya golo la mbuzi, walowa!

Ine ndikuseka, ndikumasula chingwe kuti ndizipita. A Zulu andigwira mkono. "A Ng'oma, mbuzi iyi siphedwa."

Ndabwera kunyumba ndekha. Kwa a Tembo sindinafike.

Lachitatu

Msonkhano wa komiti ya masapota pansi pa mtengo wa mango. Nkhani yoyamba mbuzi, yachiwiri mbuzi. Ndakweza mkono kuti ndinene za ng'oma, atcheya akuti zimenezo tikambirana pa "zina ndi zina". Pofika pa zina ndi zina anthu abalalika kukaona tonde akudya.

Zimene agwirizana:
- dzina lake ndi Kaputeni
- azigona m'khitchini mwa a kochi
- azidya madeya osefa
- amusokere jezi

Jezi! Ine zaka zonsezi ndimavala malaya a tchalitchi pobwera ku mpira, palibe anandisokerapo ngakhale kolala.

Masana ndikuzungulira opha mbuzi pamsika. Zikopa zonse akuti anatenga dalaivala wa thiraki wina wopita ku Zambia. Ndiye kuti ng'oma za ku Zambia zikulira ndi mbuzi zathu, ife tili chete.

Ndayesa kupempha mbuzi yachiwiri. Mayi a Tadala akupeta mtedza, sakundiyang'ana n'komwe. "Yoyamba ija mwailembetsa mpira. Iyi mukailembetsa chiyani, kwaya?"

Lachinayi

A Tembo akuti ng'oma imangofuna chinthu chokungika, chikopa si lamulo. Akuti ku boma kuli anyamata osewera basiketibolo, mipira yawo ndi yolimba, yophulika amangotaya.

Ndapalasa njinga mpaka ku boma. Ndapeza ali pa masewero, ndakhala pansi kuonera.

Abale, masewero ake!
- aliyense akugwira mpira ndi manja, refa ali phee
- golo lili m'mwamba ngati nkhokwe ya mfiti
- dengu lake ndi lobooka pansi, ndipo palibe akudandaula
- zigoli zikungolowa, osapatsa munthu mpata wovina

Chigoli choyamba ndadzuka, ndakuwa, ndathamangira m'bwalo kukanyamula wogoletsayo. Mnyamata wake wamtali ngati mlongoti wa magetsi, ndangomukumbatira m'mawondo. Pamene ndikumusiya n'kuti enawo abweza kale. "Madala, khalani pansi, mutopa," akutero.

Koma ndisaname, pofika kumapeto ndikukuwa nawo. Pali kamnyamata kena kafupi kamene kamaponyera kutali, mpira n'kungoti tswa! osakhudza chitsulo. Kakanakhala kathu kameneko sitikanafuna mbuzi.

Andipatsa mpira wophulika. A Tembo audula, aukhomera ndi zikhomo, apaka phula pakati.

Ndamenya. Ikuti bwe. Ndamenya mwamphamvu, dzanja ladumpha n'kundiwomba pamphuno. A Tembo akuti mwina ikauma. Mpira wa labala uuma bwanji?

Lachisanu

A bandi afika pa lole, akumanga siteji m'mbali mwa bwalo. Ndavala bwino, ndapita kukabwereka ng'oma. Oimba ng'oma timadziwana, sitimanana.

Ndikufunsa woimba ng'oma wawo. Andilozera mnyamata wa magalasi akuda, ali pa kiyibodi akudya chinangwa. "Ng'oma zili mkati umu, mudala," akutero m'Chinyanja chawo chija. Wadina batani ndi chala chamafuta, masipika n'kuyamba gu! gu! gu! Iye akupitiriza kutafuna.

Ng'oma yopanda chikopa, yopanda moto, yopanda thukuta. Ndafunsa ngati imatopa, akuti ayi. Ndiye idziwa bwanji kuti timu yapanikizika, ifunika kuidzutsa?

Choipitsitsa, apeka kale nyimbo ya Kaputeni. Ndipo ndi yokoma. Ndadzigwira phazi likugunda pansi lokha.

Madzulo a Zulu abwera kunyumba ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, refa sangalole mbuzi pamtengo wa golo, ndiye wina aigwire chingwe kuseri kwa ukonde. Winayo ndine, poti Kaputeni wagunda kale atcheya ndi msungichuma. Yachiwiri, komiti yati tikapanda kupambana mawa mbuzi iphedwa, chikopa n'changa.

Apita. Ine ndatsala pakhonde ndi ng'oma yanga ya labala.

Tikagonja ndipeza chikopa. Tikapambana ndilibe ng'oma mpaka tonde adzafe ndi ukalamba. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma mtima wina ukuti Yobu angophonya.

Loweruka

Bwalo ladzaza, ena akwera m'mitengo. Kaputeni walowa atavala jezi, anthu akuimirira. Ine ndili kumbuyo kwake ndi chingwe, palibe wandipatsa moni.

A ku Dambe si ana. Amva mbiri yonse, ndipo abwera ndi mbuzi yaikazi, aimangirira pa kona!

Kaputeni wangoinunkhiza, basi mpira wauiwala. Akundikoka, ndikumukoka, akundikoka. Tafika pa kona. Yobu akulunjika komweko, mipira yonse ikuthera m'munda wa mtedza. Mwini munda wayamba kuwerengera zowonongeka mokuwa.

Hafu yachiwiri chimodzimodzi. Palibe wagoletsa, nthawi ikutha. Masapota athu akumenya zigubu za mafuta, kaphokoso kopanda mutu. A Zulu agwira m'chiuno. Ndikuona Yobu akupukuta m'maso ndi jezi.

Chingwe chili m'manja mwanga. Kungochisiya, mawa ndili kwa a Tembo ndi chikopa.

Sindikudziwa chandigwira. Ndamunyamula tonde, ndamuika pamapewa, fungo lake Mulungu ndiye akudziwa. Akupalapata, akundipondaponda m'khutu. Ndathamanga naye mpaka kuseri kwa golo. "Yobu! Ali kuno wamwano uja!"

Yobu wadzutsa mutu. Walunjika mbuzi. Waphonya mbuzi. Mpira wadutsa goloboyi, wakankha ukonde, wandipeza pamphuno pomwe paja pa Lachinayi.

CHIGOLI!!!

Ndikuona khamu likuthamangira kwa ine, manja m'mwamba. Ndatseka maso kuti andinyamule. Anyamula mbuzi.

Ndatsala pansi, magazi ali chuchuchu, ndikulira ndi chimwemwe chenicheni. Tatsala mu ligi!

Bandi yayamba dzuwa lisanalowe. Kaputeni amukweza pa siteji, malo amene ndimalota ine. Nyimbo yake ili pakati, anthu fumbi kobo, iye wapeza waya wa kiyibodi n'kuyamba kutafuna. Zonse zii.

Bwalo lonse chete. Kenako wina akukuwa: "A Ng'oma ali kuti? Atipulumutse!" Mitu yonse yatembenukira kwa ine.

A Zulu akupukusa mutu. "Inunso a Ng'oma, tsiku ngati lero kubwera opanda ng'oma?"

Lamulungu

Mphuno yatupa ngati mbatata. Kutchalitchi sindinapite.

Komiti yabwera m'mawa, yavala majekete. Akuti poona kudzipereka kwanga andipatsa udindo watsopano, wosamalira Kaputeni. Mkazi wa a kochi wakana zoti azigonanso m'khitchini mwake, ndiye abwera naye konkuno. Ana a pamsewu ayamba kale kundiitana a Mbuzi.

Mayi a Tadala atuluka, amuyang'ana tonde, andiyang'ana ine. Achotsa zovala zonse pachingwe.

Chodyera chake palibe, beseni mayi a Tadala akaniza. Ndatenga ng'oma ija, ndaitembenuza, labala pansi. Madeya sakutayika ngakhale pang'ono. A Tembo amadziwa ntchito yawo.

Panopa ndakhala pakhonde, iye walowetsa mutu wonse m'ng'omamo. Akamafika pansi nyanga zikugunda thabwa. Gu. Gugu. Gu.

Ndamvetsera kanthawi ndithu. Akuthamangitsa pang'ono, koma dzanja ali nalo.