Tsiku limene ndinavinitsa maliro ku Lizulu

Kwawo kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Lizulu, mukandifunsa ndi dzina langa lenileni anthu amangoyang'anizana. Koma mungoti "mkamwini wa nyimbo uja," ngakhale mayi wogulitsa kabichi pamsewu akulozerani. Ndinene poyambirira kuti ntchito imene anandipatsa tsiku limenelo ndinaigwira. Zinazo zinali ngozi chabe.

Nthawi imeneyo ine ndi Esnati tinali tisanakwatirane. Nkhani yathu inali m'manja mwa amalume ake, a Ngozo, munthu wosaseka wamba, ndipo anali asananene eya kapena ayi. Ankati akufuna aone kaye khalidwe langa. Ndiye agogo ake a Esnati aamuna atamwalira, ndinathamangira kumaliro nditavala jekete, ndikudziwa kuti maso a amalume ali pa ine.

M'mawa wa tsiku loika maliro, a Ngozo anandikodola.

"Akuti inu mumadziwa za makompyuta?"

"Ndi ntchito yanga imeneyo, bambo," ndinayankha nditanjata. (Ntchito yanga inali yoika nyimbo m'mafoni a anthu pamsika, koma kompyuta ndi kompyuta basi.)

"Tabwereka ina kuti tiziikako nyimbo za kwaya anthu akamadikira mwambo. Ikuyaka, koma yangoti duu. Taionani."

Mumtima ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Kompyutayo anaiika m'kachipinda kosungiramo mbatata ya kachewere, ndipo kuseri kwa zenera jenereta inali kubangula. Kumbuyo kwa kompyuta kunachoka waya wopita ku amplifaya yokuzira mawu, wina n'kutuluka pazenera mpaka pa chisipika chomwe anamangirira mumtengo wa mapichesi, pomwe panakhala anamalira. Kagetsi ka amplifaya kanali kozima, ine n'kuti ndiye kuti njozimitsa. (Kagetsiko kanali kakufa. Izi ndinazidziwa mochedwa.) Ndinakhoma chitseko kuti pasapezeke wondisokoneza.

Vuto ndinalipeza msanga, ndipo apa ndidzitame ndithu. Munalibe madalaiva, timapulogalamu tomwe timakumbutsa kompyuta kuti ili ndi pakamwa. Ndinali nawo m'fulashi yanga. Ndinawaika, ndinaizimitsa, ndinaiyatsanso. Poti pamaliro suyesa zinthu pagulu, ndinavala mahedifoni anga aakulu aja ophimba makutu onse, n'kuwalumikiza pa kabowo kakutsogolo.

Ndinatsegula nyimbo ya kwaya. Zii.

Munthu wina akanagwa mphwayi, koma ine ndinaganiza mwaukatswiri kuti mwina nyimbo za kwayazo n'zowonongeka, bwanji ndiyese imene ndikuidziwa kuti imalira. Ndinasankha ya paukwati, ya ng'oma zolemera, yomwe woimba amakuwa kuti lero tasangalala, amene sakuvina ali ndi nsanje.

Ndinaimva! Chapansipansi, ngati ikuchokera kutsidya la dambo, koma ndinaimva. Ndinati yayamba kubwera. Ndinakweza voliyumu ya pulogalamu, inamvekako bwino. Ndinakweza ya kompyuta yonse mpaka kumapeto. Ndinafufuzanso kwina kobisika komwe anthu wamba safikako, nakonso ndinakankha. Kenaka ndinayamba kumva di! di! di! mpaka kachipinda konse kunjenjemera. Ndinamwetulira ndekha kuti ng'oma nazo zafika, ndinayamba n'kugwedeza mutu komwe.

Sizinali ng'oma. Anali anthu akumenya chitseko.

Mwadzidzidzi jenereta inazima, kompyuta n'kuti phi. Ndinavula mahedifoni nditakwiya zenizeni, n'kutsegula chitseko.

"Ndani wazimitsa jenereta? Inangotsala pang'ono kumveka bwinobwino!"

Pakhomopo panaima a Ngozo, chipewa chili m'manja, kumbuyo kwawo akuluakulu a mpingo. Pabwalo ponse nkhope zinali zikuyang'ana ine.

"Bambo," anatero a Ngozo mwapang'onopang'ono, "yamveka. Ngakhale anzathu a ku Mozambique aimva."

Pamenepo m'pamene mutu unayamba kugwira. Kabowo kakutsogolo kanali kakufa, m'mahedifoni simunkadutsa kanthu. Nyimbo yomwe ndinkaimva chapatali ija inkachokera mumtengo wa mapichesi, ikulimbana ndi jenereta ndiponso zophimba m'makutu mwanga. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire.

Esnati anandifotokozera pambuyo pake, misozi ili m'maso, kuti kwaya ija itamveka anthu anagwedeza mitu kuti mnyamatayu ndi katswiri. Amalume anaimirira kuti anene mbiri ya malemu, ndipo atangoti "bambo athu atisiya," woimba uja anayankha kuti lero tasangalala. Amalume akakweza mawu, inenso ndimakweza. Adzukulu okumba manda, paja iwo saopa kanthu pamaliro, anali atangofika kudzanena kuti manda atha, ndipo anangotsamiritsa makasu n'kuyamba kudula chiuno.

"Ndiye ukwati wathu watha?" ndinamufunsa.

"Kafunseni kompyuta yanuyo," anatero, n'kundisiya nditaima.

Ankhoswe anga anapita kukapepesa atanyamula tambala. A Ngozo anawasunga pakhonde nthawi yaitali, kenaka anati: "Mnyamata wanuyo ndi wolimbikira, chokhacho ndaona. Akayamba chinthu samva za munthu. Mwina kumunda zingathandize." Umu ndi momwe anavomerera, ndipo sindinafunse ngati kunali kuyamikira.

Mpaka lero kukagwa maliro kumudziko, ndikangofika amandipatsa khasu kuti nditsagane ndi adzukulu kumanda, komwe kulibe waya ngakhale umodzi. Ndimapita mosanyinyirika. Koma tikamakumba ndimawakumbutsa anzangawo kuti kompyuta ija inabwera yosalankhula, ndipo amene anailankhulitsa ndine.