Mmene Ndinadzutsira Mabwinja a Roma

Anzanga, sekani ndithu, koma ine mpaka lero zimandiwawa. Nditatha zaka ziwiri ndikupsa ndi dzuwa pa geti la magalimoto ku Msheireb, kuno ku dziko la Aluya, nthawi ya kolona anandisamutsira mkati, kuti ndizilondera holo yozizira bwino ya chionetsero chomwe chinatsekedwa chisanayambe n'komwe. A Phiri, supavaiza wathu wa ku Chipata, anandichenjeza: "A Banda, mukasunga bwino pano, post iyi ni yanu permanent. Mukalakwisa, back ku dzuwa, khalas, nkhani yatha."

Pakati pa holoyo panali tebulo lalikulu, pamwamba pake chifanizo cha bwalo la mzinda wakale wa Roma: akachisi, khoti, ndi timizati tating'ono ngati choko. Ine pofuna kuoneka wakhama ndinatenga sanitaiza n'kuyamba kupopera, paja masiku amenewo tinkapopera chilichonse. Anandituma ndani? Palibe! Ndikupukuta choncho, kamzati kamodzi kanagwa. Kuti ndiyang'anitsitse, mayo ine, mizati ili ngundangunda pansi, ina yoduka pakati, kachisi wina alibe denga. Ndinangoona geti lija likundikodola.

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamanga kukagula guluu. Masiku atatu ndili jijirijijiri, kudzutsa mzati uliwonse, kulumikiza yoduka, kachisi uja n'kumufolera ndi katoni ya tiyi. Kunena zoona panakongola, mpaka ndinadzijambula nditaima pambali ngati mwini mzinda.

Tsiku lachinayi kunabwera mayi wachizungu yemwe anapanga chifanizocho, a Phiri ali pambuyo. Mayiyo anaima, kuvula magalasi, kenako n'kukhala pansi. Ine n'kumati chimwemwe chawakulira. Anayankhula motsitsa, a Phiri n'kumandimasulira ngati Chingerezi sindimva: "Akuti aya ni ma-ruins, a Banda, mabwinja. Mizati ija inagwa kalekale, iwo anatha miyezi akuigoneka mmene ilili ku Romako. Imwe munagwetsa umodzi chabe."

Umodzi! Kodi munthu wa ku Ntcheu ndikanadziwa bwanji? Kwathu khoma likagwa timadzutsa, sitiitana anthu kuti adzaone. Ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anaona kuti mlonda n'ngofunika kumuuza chimene akulondera. Mawa lake ndinali pa geti, masiki itanyowa ndi thukuta.

Litabwera lamulo loti munthu utha kusintha ntchito osapempha bwana, ndinati ndapulumuka. Ndinakafunsira ku hotela ina ku Madinat Khalifa, osadziwa kuti vidiyo ya kamera ya m'holo muja inazungulira kale m'mafoni a alonda onse. Wondifunsa mafunso, Mmalawi mnzanga, anangondiyang'ana n'kuti, "Aaa, si inu a injiniya aja? Pepani achimwene, kuno tilibe zogumuka."

Ndikadali pa geti lomwe lija. Ndipo ndinalumbira: ngakhale bwana weniweniyo atagwa pamaso panga, sindimudzutsa. Ndiyamba ndafunsa kaye ngati sanamugoneke dala.